Mwendo Wamanzere wa Dziwani

Sunthani chikunicho, utsi ukundilowa m'maso. Anyamata inu mwakhala mukukangana za mpira chiyambire madzulo ngati pano ndi pabawo, chonsecho amene tikumulirayu wagona m'nyumbamo. Mukuti malemu Bizalieleyu anali katswiri, anangovulala bondo basi. Anangovulala? Aaa, musandiseketse pamaliro. Ine ndinagwira golo la Thundu United mpaka zala izi kupindika, ndipo ndikukuuzani kuti mwendo wa Bizaliele sunathyoledwe ndi munthu. Khalani bwino ndikuuzeni za mnyamata mmodzi yekha amene anavala nambala 9 ya timu ija n'kuchokako ndi miyendo yake yonse.

Ndisanalowe timu ine, kunali womwetsa zigoli wina dzina lake Layisoni. Akuluakulu amati mwendo wake wamanja unkang'amba ukonde. Anafa basi ya timu itagubuduzika pamlatho uja wa kunsi kwa tauni, akuchokera kumasewero. Onse anapulumuka, iye yekha ndiye anatsala m'matope. Abale ake anapempha jombo zake kuti amuike nazo, akuluakulu a timu anati zinasowa pangozi. Ena amati zinakwiriridwa patsinde pa golo la kumadzulo, ena amati sing'anga anapita nazo. Ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti Layisoni anapita kumanda wopanda nsapato.

Chichokereni pamenepo timu inali ndi miyambo iwiri, ndipo palibe amene ankaiseka. Woyamba, basi ikafika pamlatho uja dalaivala ankaima, kutsegula chitseko, kudikira pang'ono, n'kutseka. Mpando woyandikana ndi wa nambala 9 unkakhala wopanda munthu. Wachiwiri, mawa kukakhala masewero, wovala nambala 9 ankasiya jombo zake patsinde pa golo la kumadzulo dzuwa likamalowa, n'kukazitenga m'mawa. Ochita zimenezi ankagoletsa, eee, ankagoletsa mpaka azimayi kuvula zitenje n'kuyala pansi. Koma patapita nyengo ziwiri kapena zitatu mwendo wamanja unkayamba kuwonda, kenako kuuma. Madokotala ankangoti ndi mitsempha. Bizaliele anali womaliza kuumitsidwa, ndipo nthawi imene ndikunenayi n'kuti akugulitsa mtedza pageti la bwalo, ndodo ili m'khwapa.

Ndiye kunabwera Dziwani Namaona wochokera ku Phalombe. Kamnyamata kowonda, makutu otambalala, m'manja muli jumbo ya pulasitiki, m'jumbomo jombo zakale zosokedwa ndi ulusi wa tayala. Anamupeza pabonanza ya kumudzi. Anali wamanzere weniweni. Mwendo wamanja unali wongokwerera basi, koma wamanzerewo, amangwetu, mpira unkamumvera ngati galu wapakhomo. Tsiku loyamba lokonzekera anandigoletsa ine kuchokera pakona, mpira unachita kukhota. Ndinamutukwana, iye n'kumangoseka.

Anatigoneka chipinda chimodzi kukampu, ndiye ndinamudziwa bwino. Bambo ake, a Namaona, anali okhoma zidebe, nawonso amanzere, ndipo ali mwana aphunzitsi ankawamenya zala kuti asiye. Iwo ndi amene anamuphunzitsa mpira wa chikulunga kuseri kwa nyumba. Ankamuuza kuti, "Kudya udyere dzanja lamanja anthu asakunene, koma mwendo ndi wako." Maso awo anali atayamba kuchita khungu, choncho mpira wa mwana wawo ankangoumvera pawailesi.

A Chikwanje, oyang'anira timu, anamupatsa jezi nambala 9 ndi jombo zatsopano zonyezimira, n'kumulongosolera mwambo.

"Ndisiye nsapato panja kuti avale ndani?" anafunsa Dziwani.

"Usafunse zambiri, mwana iwe. Anzako onse anachita."

"Ine zanga ndimagona nazo, bwana."

Anakanadi. Koma mpira wa ligi yaikulu si wa pabonanza. Otchinga kumbuyo a kuno amamenya munthu, mpira n'kuusiya. Masewero anadutsa angapo Dziwani osaona ukonde. Ankathamanga, ankapatsira anzake bwino, koma masapota sawerenga zimenezo. Anayamba kumuimba nyimbo zoti abwerere akalime nandolo. Tsiku lina anamuthira mowa kumaso akutuluka m'bwalo. Mkazi wake Esinati anali woyembekezera, ndipo azimayi anzake pampopi anasiya kumuyankha moni. Kenako a Chikwanje anamuitana pambali n'kumuuza kuti Loweruka akapanda kugoletsa akwere minibasi ya ku Phalombe.

Lachisanu dzuwa likulowa ndinamuona akuyenda yekha kulowera kugolo la kumadzulo, jombo zatsopano zija zili m'manja. Sindinamuletse. Nanenso ndinali nditatopa ndi kugonja.

M'mawa tinapitira limodzi kukazitenga. Usiku sikunagwe mvula, bwalo linali gwaa, koma jombo yamanja inali ndi matope akuda kuzisonga, onunkha ngati a kumtsinje. Yamanzere inali mbee, mmene anaisiyira. Dziwani analowetsa dzanja m'kati mwa yamanjayo, n'kulitulutsa msanga.

"Akulu, muli mofunda."

"Ndi dzuwa," ndinatero ine, chonsecho dzuwa linali lisanatuluke.

Tsiku limenelo anamwetsa ziwiri. Zonse ndi mwendo wamanja. Chachiwiricho anachiwomba ali kutali mwakuti goloboyi mnzanga anangomva mphepo. Bwalo linagwedezeka. Dziwani anathamangira kukona, kuima njo, n'kumenya sawatcha kwa masapota. Agogo ena okhala kutsogolo anagwira pakamwa, chifukwa umu ndi mmene Layisoni ankachitira, ndipo Dziwani anali asanamuonepo ngakhale pachithunzi.

Madzulo ake ndinamuyamikira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Akulu, chachiwiricho chinalowa bwanji? Tandiuzani. Ine ndikungokumbukira mpira ukubwera, kenako anthu atandiunjikira."

Zinapitirira choncho. Dzina lake linamveka pawailesi sabata ndi sabata. Amene ankamuthira mowa aja anayamba kumugulira. Esinati anabereka mwana wamkazi, azimayi a pampopi anabwera ndi sopo ndi matewera. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife ogona naye tinkaona zina. Jombo yamanja inkatha msanga ngati ikuvalidwa ndi anthu awiri. M'basi, tikangochoka pamlatho, mpando wopanda munthu uja unkalira pang'ono, khushoni n'kulowa pansi, ndipo Dziwani ankadzipanikiza kuwindo. Akagona, mwendo wamanja unkamenya bulangete wokha, thupi lonse lili phee. Tsiku lina ndinaugunda mwangozi pomudzutsa. Unali wozizira ngati botolo la mufiriji.

Bizaliele ndiye sanafune kugunda kuti adziwe. Dziwani akudutsa pageti anamupatsa mtedza waulere, n'kumufunsa motsitsa mawu kuti, "Wayamba kuzizira?" Bizaliele anakweza buluku n'kumuonetsa mwendo wake, wowonda ngati mpini wa khasu. "Wanga unayambira kuphazi," anatero, n'kubwerera kumtedza wake.

Chimene chinamusweratu mtima ndi foni ya bambo ake. Tinali m'chipinda tsiku limene anamwetsa zitatu, ndipo foni inali yokweza mawu, ndinamva zonse.

"Ababa, mwamva? Zitatu lero!"

"Ndamva," anatero a Namaona. "Koma woulutsa uja akuti wamenya ndi wamanja. Sabata yatha anateronso. Poyamba ndimati akulakwitsa."

"Sakulakwitsa, ababa."

Kenako mdala uja anati, "Mwana amene ndinamuphunzitsa ine ndi wamanzere. Nanga amene akugoletsayo ndani?"

Dziwani anadula foni. Anakhala pabedi atagwira bondo lamanja ndi manja onse awiri, misozi ikugwera pansi, koma nkhope inali ya munthu wokwiya osati wachisoni. Ine ndinamvera chisoni, komanso ndinachita mantha, chifukwa ndinadziwa kuti kamnyamata aka kakanena kanthu sikabweza.

M'mawa mwake anapita kwa a Chikwanje ife tonse tikumva.

"Bwana, jombo zanga sizigonanso panja."

"Wakhuta eti? Amene anakutola kufumbi ndani?"

"Munanditola kuti ndidzasewere ine. Ngati mukufuna Layisoni, mulembeni dzina lake papepala la oyimbira, avale yekha jezi."

Anyamata ena anathawira panja kumva dzina limenelo likutchulidwa mokweza. A Chikwanje anati, "Ukhala pabenchi mpaka matako amere zikang'a." Dziwani anati, "Ndikhala, matakowo ndi anga."

Sabata imeneyo tinali ndi masewero koyenda. Pobwerera, chisisira chitagwa, tinafika pamlatho. Dalaivala wathu, mdala wamantha ngati nkhuku, anaima n'kutsegula chitseko mwa masiku onse. Dziwani anadzuka, kuyenda mpaka kutsogolo, n'kuima pakhomo penipeni atatambasula manja.

"Achimwene," anatero kulankhula ndi mdima, "basi yadzaza."

Ine ndinasuzumira pawindo. Sindinganame kuti ndinaona nkhope, ayi. Pomwe pankathera kuwala kwa nyali za basi, m'mbali mwa msewu, ndinaona mapazi awiri opanda nsapato, amatope, ataima moyandikana ngati a munthu wodikira mwaulemu. Kumtunda kwake sindinayang'ane, ndipo musandifunse chifukwa.

Dalaivala anatseka chitseko, n'kuyamba kuyendetsa. Titangoyenda pang'ono tinamva phaa, phaa, phaa, pa phula, kumbali imene Dziwani anakhala. Dalaivala anawonjezera moto, mapazi aja nawonso anawonjezera. Wina kumbuyo anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi, n'kuisiyira panjira. Phokoso lija linatiperekeza mpaka pamagetsi oyamba a m'tauni, osatsalira, osapitirira, komanso osamveka kupuma kwa munthu wothamanga. Dziwani anangokhala tsonga, chikwama chake atachiika pampando wopanda munthu uja.

Anamukhazikadi pabenchi. Ena anayesedwa pamalo ake koma palibe anavomera kuvala nambala 9, ndipo timu inayamba kugwa ngati papaya lakupsa. Tinafika pamasewero omaliza tili pamphepete: kupambana tikhala mu ligi, china chilichonse tatuluka. Masapota anazinga nyumba ya a Chikwanje akufuula dzina la Dziwani. A Chikwanjewo anabwera kukampu Lachisanu, ukali wonse utatha, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, kamodzi kokha aka. Ukatipulumutsa, chaka chamawa ndikugulitsa kunja, ukadye bwino ndi banja lako. Kamodzi sikaumitsa mwendo."

"Bizaliele munamuuzanso choncho?"

A Chikwanje anayang'ana pansi.

"Ndisewera, bwana," anatero Dziwani. "Ndithamanga mpaka kusanza. Koma ndisewera ndekha."

Pogona anaika jombo zatsopano zija pansi pa pilo. Ine ndinakiya chitseko, kiyi ndinamangirira m'khosi, matiresi anga ndinakokera pakhomo. Palibe akanalowa osandiponda. M'mawa kiyi anali m'khosi mwanga, mawindo otseka, koma pansi pa pilo panalibe kanthu. Tinakazipeza patsinde pa golo la kumadzulo, zitaikidwa bwinobwino moyandikana, zingwe zomasula ngati zikudikira phazi. Yamanja inali kutuluka nthunzi.

Ndinati, "Mphwanga, mwina ingovala. Izi zatikulira."

Iye anaseka kuseka koipa. "Asunge. Akuona ngati ndinabwera wopanda nsapato?"

Anazisiya pomwepo, n'kukasolola jumbo ya pulasitiki ija pansi pa bedi. Analowa m'bwalo atavala jombo za ku Phalombe zosokedwa ndi ulusi wa tayala, ndipo masapota ataziona anayamba kung'ung'udza masewero asanayambe.

Goloboyi amaona zambiri, chifukwa bwalo lonse limakhala patsogolo pake. Tsiku limenelo kunalibe mphepo, koma kulikonse kumene Dziwani ankathamangira, udzu wa kumanja kwake unkagona ngati wina akuthamanga naye phewa ndi phewa. Otchinga kumbuyo a timu inayo ankacheukacheuka, mmodzi mpaka anafunsa oyimbira kuti tilipo angati. Dziwani ankatsimphina pang'ono, mwendo wamanja ukumukoka kupita kumene iye sakufuna. Ndinamuona akuumenya ndi chibakera ngati akumenya mbuzi yolowa m'munda. Koma anasewera, abale. Wamanzere uja unabwerera. Anadya anthu chenga mpaka wina kukhala pansi, anaponya mipira iwiri imene anzake anaiphonya okha. Chigoli ndiye chinakana.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, tikumenyera golo la kumadzulo lomwelo, mnyamata wathu wa kumphepete anathamanga n'kuponya mpira wapansi. Goloboyi wawo anatuluka, anauphonya, n'kugwa chafufumimba. Golo linatsala lokha. Mpira unkagudubuzika pang'onopang'ono kulunjika phazi lamanja la Dziwani, iye ali pafupi mwakuti ngakhale mwana wa mkaka akanaukankhira m'kati. Bwalo lonse linaimirira. Ndinaona mwendo wamanja ukudzuka wokha, kubwerera m'mbuyo kuti uwombe.

"Ayi!"

Mawu amenewo ndinawamva ine ndili kugolo linalo. Anaugwetsa pansi mwendo uja mwamphamvu, fumbi koboo, n'kuuponderezera ndi thupi lonse ngati akuponda mutu wa njoka. Anausiya mpira udutse. Anapotoza chiuno, kuutsatira, otchinga kumbuyo atafika kale pamsana pake, n'kuumenya ndi wamanzere akugwa.

Unamenya chitsulo, ngwee, n'kutuluka panja.

Wezulo yomaliza inalira. Tinatuluka mu ligi.

Sindinamvepo bwalo lodzaza litakhala chete chotero. Ndinathamanga kudutsa bwalo lonse, ndikufuna kumumenya khofi, ndikufunanso kumukumbatira. Ndinamupeza atagona chagada, akuseka misozi ikutsikira m'makutu.

"Akulu, mwaona? Ndaphonya ine! Ineyo! Ndikukumbukira zonse, mpaka mmene chitsulo chalirira!"

Mwala woyamba unagwa pafupi ndi mutu wake. Wachiwiri unamupeza pachipumi, magazi chuu. Apolisi anatiuza kuti tithawire kuchipinda chovalira, anzathu onse analiyatsa liwiro. Iye ayi. Anadzuka, kuyenda mpaka kuseri kwa golo kumene wosamalira bwalo anakankhira jombo zatsopano zija, kuzitola, n'kuziika patsinde pa chitsulo. Anavula jezi nambala 9, kuipinda bwino, n'kuiika pamwamba pake. Mabotolo akugwa uku ndi uku, iye anagwada ngati akulankhula ndi mkulu wake.

"Achimwene, anakulakwirani kukuikani wopanda nsapato. Tengani izi, ndakupatsiranitu, si zobwereka. Jezinso ndi yanu. Koma mwendo ayi. Wezulo yanu inalira kale, kapumeni."

Atatero anatembenuka n'kulunjika geti lalikulu, kumene kunali gulu lolusa, chifuwa chili pamtunda. Ine ndinamutsatira, osati chifukwa cholimba mtima, koma miyendo inangopita. Pageti anthu anamuzinga, wina atanyamula njerwa. Pamenepo ndi pamene Bizaliele, uyu wagona m'nyumbayu, anataya lichero la mtedza, kudumpha ndi mwendo umodzi, n'kuima patsogolo pa Dziwani ndodo ili m'mwamba.

"Amene akufuna mnyamatayu ayambe ine! Munandiimbira nyimbo inu, lero ndani wa inu amandigulako mtedza? Mukufuna winanso woti muzimudutsa pageti pano?"

Anthu anayang'ana mwendo wake uja, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Bizaliele anawerama movutikira, kugwira msongolo wamanja wa Dziwani, n'kukhala ataugwira kanthawi.

"Wafunda," anatero. Ndipo analira ngati mwana, pamaso pa anthu onse.

Tili m'njira foni inalira. Dziwani anaiyang'ana, anazengereza, kenako anayankha.

"Ababa, tatuluka mu ligi. Ndaphonya golo lopanda munthu."

"Ndamva," anatero a Namaona, ndipo mawu awo ankamveka kuti akumwetulira. "Woulutsa wachita kubwereza kuti waphonya ndi wamanzere. Ameneyo ndiye mwana wanga. Ubwere kuno ndidzakugwire kumaso."

M'mawa mwake wosamalira bwalo sanapeze jombo kapena jezi patsinde paja. Anapeza mabowo a zisonga panthaka youma, kuchoka pagolo, kudutsa pageti lokiya, kulowera njira ya kumlatho. Obwerera kunalibe. Thundu United sinabwererenso mu ligi yaikulu, ndipo alipo masapota mpaka lero amene amalavula akamva dzina la Dziwani. Kunja sanapite. Anasewera m'matimu ang'onoang'ono zaka zambiri, kugoletsa pang'ono, kuphonya kwambiri, ndipo chilichonse mwa zimenezo angakufotokozereni mmene chinachitikira.

Ndiye inu muziti Bizaliele anangovulala bondo. Ponyanipo chikuni china, kukuzizira. Dziwani waimba foni madzulo ano, akuti anyamuka m'mamawa kuti adzanyamule nawo bokosi. Akamadzalowa pakhomo pano musadzayang'ane nkhope yake. Mudzayang'ane mmene akuyendera.